Dzino lotsiriza la m'kamwa landitupitsa tsaya katatu: ntchito yake n'chiyani, ndipo ndizule kapena ndilisiye?

Mnyamata wa ku M'baluku

Akuluakulu nonse, ndakupatsani moni. Ndine mnyamata wa zaka 23, ndimakhala ku M'baluku ndipo ndimagwira ntchito yolembera katundu m'sitolo ina pa boma pompano pa Mangochi. Kuyambira chaka chatha, kumapeto kwenikweni kwa nsagwada yanga ya m'munsi, mbali ya kumanzere, kwakhala kukumera dzino latsopano, koma silinatuluke lonse. Ndikapititsako lilime ndimangomva nsonga imodzi, ndipo mbali yotsalayo yaphimbidwa ndi kachikopa ka usinini kamene kamatukuka ndikakakhudza.

Malowa atupa katatu tsopano. Kawiri koyamba ndinangomwa panado ndipo patapita masiku anayi ululu unatha wokha. Ulendo wachitatuwu, womwe ndi mwezi wathawu, zinafika poipa. Ndinadya nsima ya utaka wouma madzulo, kamunga kena n'kulowa pansi pa kachikopa kaja, ndipo ndinalimbana nako ndi kamtengo ka machesi mpaka magazi anatuluka. Kutacha tsaya linali litatupa, pakamwa pankangotseguka polowa zala ziwiri zokha, m'kamwa munkamveka kukoma koipa ndi fungo limene ine mwini ndinkachita nalo manyazi, moti sabata yonse ndinakhalira phala la mpunga.

Chimene chikundivuta ndi malangizo osemphana amene ndikulandira. Amalume anga akuti dzino lomera munthu atakula ndi dzino la ukulu, silizulidwa, ndipo akuti amene amazula mano a kumapetowa maso awo amayamba kuchita chidima. Mnzanga wina amene wabwera kuchokera ku Johannesburg akuti kumeneko anamva kuti mano amenewa alibe ntchito iliyonse, ndipo anthu andalama amakawachotsa onse anayi asanayambe n'kupweteka komwe. Ndiye ndikufunsa kwa amene akudziwa: kodi mano amenewa amameriranji mochedwa chonchi, ntchito yake n'chiyani, ndipo ine ndichite ziti?

Mphunzitsi wopuma, Namwera

Mwana wanga, funso la kuzula ndisiyira a zachipatala, koma la ntchito ya dzinoli ndiliyankha, chifukwa ndinaphunzitsa Biology zaka zambiri ndisanapume.

Mwana amakhala ndi mano 20, amene amaguluka onse. Munthu wamkulu, mano ake akakwanira, amakhala 32, ndipo mwa amenewa 12 ndi zitsakano, zitatu kumbali iliyonse, m'mwamba ndi m'munsi. Chitsakano choyamba chimatuluka mwana ali ndi zaka pafupifupi 6, chachiwiri ali ndi zaka pafupifupi 12, ndipo chachitatu, chomwe chakutupitsa tsaya iwe, chimadikira mpaka pakati pa zaka 17 ndi 25. M'Chilatini ankalitcha dens sapientiae, Angerezi n'kumati wisdom tooth, kutanthauza dzino la nzeru, poganiza kuti limafika pa msinkhu umene munthu wayamba kuganiza ngati wamkulu. Amalume ako sanalakwe kwenikweni polipatsa dzina la ukulu. Koma ine ndinaphunzitsapo anyamata a Fomu 4 amene mano onse anali atakwana m'kamwa, nzeru zokha n'zimene zinali zisanamere, choncho dzinalo tisalitengere patali.

Ntchito yake ndi ya chitsakano china chilichonse, kupera chakudya. Kuti timvetse chifukwa chake limabwera mochedwa, tiganizire mmene makolo akalekale ankadyera. Ankatafuna mizu, njere zouma, nyama yofutsa yolimba ngati chikopa, ndi ufa wopera pa mphero umene sunkalephera kukhala ndi timchenga. Chakudya chotere chimaperesa mano, pamwamba pake ndiponso m'mbali momwe amakhudzirana, ndipo mano akaperepeseka m'mbali amasendera kutsogolo pang'onopang'ono, n'kusiya mpata kumbuyo. Pofika zaka 20 munthu woteroyo zitsakano zake zoyamba zinkakhala zitagwira ntchito yakalavulagaga kwa zaka zoposa khumi, mwina china chitathyoka kapena kuchoka, ndiye dzino latsopano lolimba likatuluka kumapeto linkapeza malo ndi ntchito zikuliyembekezera.

Palinso mfundo ina imene anthu saiganizira. Fupa limakula molingana ndi ntchito imene likugwira, ndipo nsagwada ya mwana wotafuna zolimba imakula motalikirapo kusiyana ndi ya mwana wokulira zofewa. Agogo anga aakazi anamwalira ali okalamba kwambiri akukukuta chimanga chokazinga, kusenda nzimbe ndi mano, ndi kutafuna chinangwa chouma, ndipo mano awo akumapeto anaima mowongoka ngati mizati. Zidzukulu zanga zakulira buledi wonyika mu tiyi, mandasi, tchipisi ndi nsima ya ufa woyera wosalala wa ku chigayo. Kukula kwa dzino kumatsatira kwambiri mtundu wa makolo, sikusintha ndi chakudya, pamene nsagwada imatha kufupikirako. Zikatero dzino lomaliza kufika limapeza anzake atakhala kale pamkeka ponse, ndiye limapendama, limatsamira linzake, kapena limangokhala m'fupa osatuluka.

Maganizo a mnzako wa ku Johannesburg si atsopano. Charles Darwin analemba kale mu 1871 kuti mano amenewa akuoneka kuti akunka nachepa mphamvu mwa anthu odya zophikidwa zofewa. Alipodi anthu amene amabadwa opanda limodzi kapena onse anayi, ndipo zimenezi zimapezeka kwambiri mwa anthu a ku Asia kusiyana ndi ife a mu Africa. Komabe kunena kuti alibe ntchito n'kupyola malire. Anga onse anayi ndili nawo mpaka lero, ndipo chitsakano changa choyamba cha kumanja chitazulidwa, amene andithandiza kudya nyama zaka zonsezi ndi omwewa.

Mayi wa ku Monkey Bay

Achimwene, ine sukulu ya zimenezi sindinapite, koma ndikuuzani zimene ndinaona ndi maso angawa. Bambo a kunyumba kwanga ndi msodzi, ndipo dzino lawo linayamba chimodzimodzi ngati lanulo, kutupa n'kuphwa, kutupa n'kuphwa. Iwo ankati mwamuna sapita ku chipatala chifukwa cha dzino. Ankaphwanya asipirini n'kuika pa usinini mpaka malowo anayera ngati apsa ndi moto, ankavumata kachasu, ndipo ankagula makapisozi awiri kapena atatu pamsika, akamva bwino n'kusiya.

Tsiku lina anabwera kuchokera ku nyanja m'mawa atatupa, koma ulendo uwu kutupako sikunali pa tsaya pokha, kunatsikira kunsi kwa chibwano mpaka m'khosi, ndipo pogwira panali gwaa ngati thabwa. Pofika madzulo ankalephera kumeza ngakhale malovu, ankangowatayira m'kachitini, mawu anasintha ngati munthu wavumata mbatata yotentha, ndipo akagona chagada ankabanika. Tinachita kubwereka galimoto usiku. Ku chipatala anawaika diripi, anawang'amba kunsi kwa chibwano kuti mafinya atuluke, ndipo anagona masiku asanu ndi anayi. Adokotala anandiuza poyera kuti tikanadikira kuti kuche, njira ya mpweya ikanatsekeka.

Ndiye ine maganizo anga ndi akuti musadikire ulendo wachinayi, kazuleni. Za masozo, amalume anu ndiwapatsa ulemu wawo, koma bambowa anawazula dzinolo zaka zinayi zapitazo ndipo mpaka lero amasoka ukonde usiku ndi kuwala kwa tochi ya foni. Ndikanakhala ine, ndikanauza a chipatala kuti achotse onse anayi kamodzi kuti nkhani ithe.

Wothandiza odwala mano, Mangochi

Ndikuthokoza aphunzitsi chifukwa afotokoza bwino, ndipo nkhani ya amayi a ku Monkey Bay aliyense aiwerenge kawiri. Ine ndimagwira ntchito yoona ndi kuzula mano, ndinaphunzira ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe. Sindingapime munthu kudzera pa foni, choncho zimene ndilembe pano zisalowe m'malo mwa kukaonetsa m'kamwa mwanu.

Zimene mwafotokoza, achimwene, ndi matenda amene timawatcha pericoronitis, kutupa kwa usinini wozungulira dzino lotuluka theka. Vuto lenileni si dzino lokha ayi, koma kathumba kamene kali pakati pa dzinolo ndi kachikopa kaja. Mswachi sufikamo, zakudya zimalowamo n'kuolera momwemo, ndipo tizilombo tosafuna mpweya timaswana bwino m'malo obisika otero, n'chifukwa chake fungo lake limakhala lamphamvu. Kachikopako kakatupa, dzino la m'mwamba limakaluma nthawi iliyonse mukatseka pakamwa, n'kumawonjezera bala pa bala. Kulephera kuyasamula kumabwera chifukwa minofu yotafunira ili pafupi pomwepo ndipo imakungika kutupa kukaifika. Dzino lokwiririka lonse m'fupa kawirikawiri limakhala chete zaka zambiri, lotuluka lonse mowongoka limatsukika ngati lina lililonse, koma la pakatikati ngati lanuli ndi limene limadzaza mabenchi athu.

Pali vuto lachiwiri limene limandiwawa kwambiri kuposa loyambalo, chifukwa silipweteka mpaka mochedwa. Dzino la nzeru la m'munsi likapendamira kutsogolo, komwe ndi kupendama kofala kwambiri, limatsamira chitsakano chachiwiri n'kupanga kampata kosunga zakudya. Chimene chimabooka ndi chitsakano chachiwiricho, kumbuyo kwake, kunsi pafupi ndi muzu, malo ovuta kumata. Ndazulapo zitsakano zachiwiri zambiri, mano abwino ogwira ntchito, zitawonongedwa ndi mnansi amene iye mwini anali bwinobwino. Mwa apo ndi apo dzino lokwiririka limapanganso chotupa cha madzi m'kati mwa fupa, chimene chimakula mwakachetechete n'kudya nsagwada, ndipo chimaoneka pa X-ray pokha.

Tsono pa mfundo yochotsa onse anayi, amayi mundikhululukire, pamenepo tisiyana. Ku America n'zoona kuti achinyamata ambiri amawachotsa asanavute, koma ku Britain bungwe loona za chithandizo cha zaumoyo la NICE linalangiza m'chaka cha 2000 kuti dzino la nzeru lopanda matenda lisamachotsedwe pongoopa za m'tsogolo. Chifukwa chake n'chakuti kuzulako kuli ndi zoopsa zakezake. M'kati mwa nsagwada ya m'munsi mumadutsa mtsempha umene umapereka kumva ku mlomo wa m'munsi ndi chibwano, ndipo mizu ya dzinoli nthawi zina imagundana nawo. Mtsempha wina wa lilime umadutsa cham'kati mwake. Ukakhudzidwa umodzi mwa imeneyi munthu amatsala ndi dzanzi pa mlomo kapena theka la lilime, ambiri kwa masabata kapena miyezi, owerengeka kwa moyo wonse. Palibe nzeru kuika munthu pa chiopsezo chotere chifukwa cha dzino limene silinamulakwire. Ngakhale zimene ena amanena, kuti mano a nzeru amakankha anzawo mpaka akutsogolo kupanikizana, kafukufuku sanazitsimikizire, poti mano akutsogolo a m'munsi amapanikizana ndi msinkhu ngakhale mwa anthu amene alibe mano a nzeru.

Koma langizo lomwelo limanena kuti dzino limene latupitsa usinini mobwerezabwereza, kapena kamodzi koma moopsa, lichotsedwe. Inu mwatupa katatu, ndipo ulendo wotsiriza pakamwa panatsekeka. Mukanakhala pa mpando wanga ndipo ndapeza zimene mwanenazi, ndikanakulangizani kuti lichoke, ndipo msinkhu wanu ndi wabwino, popeza fupa la mnyamata limakhala lofewerapo ndipo bala limapola msanga kusiyana ndi la munthu wa zaka 40.

Za maso, palibe mtsempha wa kuona umene umadutsa m'dzino. Ndikuganiza kuti chikhulupirirochi chinabwera chifukwa dzino la m'mwamba likachita mafinya kutupa kumakwera mpaka kunsi kwa diso, ndipo wodwala akazulidwa mochedwa anthu amaloza chala kuzulako m'malo moloza matenda. Chimene chili pafupi ndi mizu ya mano a m'mwamba ndi mphako ya mpweya yolumikizana ndi mphuno, osati diso, ndipo lanu ndi la m'munsi.

Pitani tsopano pamene malowo aphwa, chifukwa pakamwa potseguka bwino ntchito imaphweka ndipo jakisoni wa dzanzi amagwira bwino pamalo opanda mafinya. Yambirani ku chipatala cha boma cha Mangochi, ku chipinda cha mano. Ngati dzino laima mowongoka kapena lapendama pang'ono, limatha kuzulidwa pompano. Ngati lagona chopingasa m'fupa, pamafunika X-ray, kucheka usinini, kusema fupa pang'ono ndi kulidula dzinolo zidutswa, ndipo zikatero timatumiza ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Madokotala a mano a digiri ndi ochepa m'dziko muno, maphunziro awo anangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, choncho mukapatsidwa tsiku musaliphonye.

Podikira tsikulo, sungunulani theka la supuni yaing'ono ya mchere m'kapu ya madzi ofunda, muzivumata mukatha kudya, ndipo muzitsuka malowo ndi mswachi wofewa ngakhale patuluke timagazi. Machesi ndi singano zisiyeni. Asipirini woika pa usinini amaotcha mnofu ndipo sachiza kanthu. Makapisozi ogula pamsika amangogoneka matendawo, kathumba kaja kamakhala kalipobe, ndipo kumwa awiri n'kusiya kumaphunzitsa tizilombo kupirira mankhwala. Mukadzaona kutupa kukutsikira kunsi kwa chibwano kapena m'khosi, kulephera kumeza, kutentha thupi ndi kunjenjemera, lilime kukwera m'mwamba, kapena kupuma movutikira, musadikire kuti kuche. Zimene zinagwira bambo a ku Monkey Bay zikufanana ndi matenda otchedwa Ludwig's angina, ndipo amatha kupha m'maola ochepa.

Mphunzitsi wopuma, Namwera

Adokotala, mwandikumbutsa chinthu. Chitsakano changa choyamba chija chinazulidwa ndili ndi zaka pafupifupi 15, ndipo mbali imeneyo dzino la nzeru linatuluka mosavuta n'komwe, pamene mbali inayo linandisautsa miyezi ingapo lisanakhazikike. Ndikuona kuti chachiwiri chinasendera kutsogolo n'kusiyira mnzake malo, monga zinkachitikira kwa makolo aja. Kodi si bwino mnyamatayu angodikira, mwina nalonso lipeza malo?

Wothandiza odwala mano, Mangochi

Bambo, zimene zinakuchitikirani zimachitikadi chitsakano choyamba chikachoka munthu akadali wamng'ono, mano akumbuyo asanakhazikike. Kwa mnzathuyu zitsakano zonse zilipo, nsagwada yasiya kukula, ndipo chaka chathunthu chatha dzino lili pa nsonga imodzi yomweyo. Kupweteka pang'ono kwa dzino limene likubowola usinini n'kosiyana ndi mafinya obwera katatu. Sindingamulangize kudikira.

Mnyamata wa ku M'baluku

Zikomo kwambiri nonse, makamaka amayi, chifukwa nkhani yanu ndawawerengera amalume ndipo angoti kakasi. Ndinapita Lachiwiri, anandiona, ndipo anati dzino lapendamira kutsogolo pang'ono koma likhoza kuzulidwa konkuno sabata yamawa. Anapezanso kuti la kumanja linatuluka lonse kalekale ine osadziwa, ndipo anati limenelo alisiya. Chitsakano chachiwiri akuti chayamba kuda kumbuyo koma chikhoza kumatidwa. Ndili ndi mafunso awiri otsala, adokotala. Ndimasuta ndudu ziwiri kapena zitatu pa tsiku, ndipo kuntchito nthawi zina ndimathandiza kutsitsa matumba a shuga ndi simenti. Kodi zimenezi zili ndi vuto ndikazula?

Wothandiza odwala mano, Mangochi

Zonse ziwiri zili ndi vuto, koma fodya ndiye wamkulu. Dzino likachoka, m'dzenjemo mumaundana magazi, ndipo magazi oundanawo ndiwo chivundikiro cha fupa komanso maziko a mnofu watsopano. Akachoka msanga fupa limakhala pamtunda, ndipo pa tsiku lachiwiri mpaka lachinayi pamayamba ululu woboola umene umakwera mpaka ku khutu, woposa wa dzino lija, panado osaumva. Vutoli limakonda dzenje la dzino la nzeru la m'munsi, ndipo limagwira kwambiri osuta, chifukwa kukoka utsi kumayamwa magaziwo ndipo fodya amachepetsa kuyenda kwa magazi pa bala. Musasute masiku osachepera atatu, sabata yonse ingakhale bwino koposa. Zikachitikabe, bwererani kuti akatsuke dzenjelo ndi kuikamo mankhwala.

Pa tsiku lokazulalo idyani musanapite, ndipo muwauze ngati muli ndi shuga, BP, zilonda za m'mimba, mphumu, kapena ngati mukumwa mankhwala ena alionse, kuphatikizapo ma ARV, kuti akusankhireni mankhwala a ululu oyenera. Akakuikani thonje lumani mwamphamvu kwa mphindi 30 osayankhula. Tsiku loyambalo musachukuche m'kamwa, musalavule pafupipafupi, musamwe zotentha, ndipo lilime lisapite kukafufuza pa bala. Madzi a mchere muyambe mawa lake, mongovumata n'kuwasiya atuluke okha. Tsaya limatupa kwambiri pa tsiku lachiwiri ndi lachitatu kenako n'kuyamba kuphwa, zimenezo zisakuopseni. Matumba a simenti muwasiyire anzanu masiku awiri kapena atatu, poti kunyamula zolemera kumatha kuyambitsanso magazi, ndipo mupemphe kalata ya ku chipatala yokaonetsa abwana anu. Phala, nthochi, mazira ndi nsima yofewa ya ndiwo zopanda minga zikukwanirani, utaka ndi usipa mudikire kaye sabata imodzi.